Akufuna kuwerenga DNA ya bambo anga n'kugawana ndi ofufuza akunja, tilole?

Uthenga uwu wachokera kwa mayi wina amene sanafune kuti dzina lake lituluke, ndaufupikitsa pang'ono:

"Adokotala, bambo anga ali ndi vuto la impso ndipo akhala akupita ku kiliniki kwa nthawi ndithu. Ulendo wapitawu anthu a kafukufuku anatipatsa fomu yoti bambo asaine, akuti atenge magazi pang'ono awerenge DNA yawo, ndipo pa tsamba lina palembedwa kuti zotsatira zitha kugawidwa kwa ofufuza a mayiko ena komanso kusungidwa pa kompyuta kwa zaka zambiri. Mchimwene wanga wakana kwamtuwagalu, akuti amenewa akukagulitsa magazi a bambo, komanso akuti tikumbukire nthawi ya korona, mayiko amene anaulula za Omicron ndi omwe anatsekeredwa ndege. Ineyo mbali ina ndikufuna tithandize, mwina ana athu adzapindula, koma ndikuopa. Kodi deta imeneyi ikapita kunja imakatani? Angathe kumuzindikira munthu? Nanga ife tipindulapo chani?"

Mayi, choyamba mtima m'malo. Fomu imeneyo si yachangu, sikuti mukapanda kusaina lero mawa bambo awabweza ku kiliniki ayi. Malamulo a kafukufuku wa pa anthu amanena kuti munthu akakana, chithandizo chake chisasinthe olo pang'ono, ndipo mfundoyi ili mu Declaration of Helsinki, chikalata cha madokotala a dziko lonse chimene chinayamba mu 1964 ndipo chakhala chikukonzedwa mpaka pano. Nde pitani nayo kunyumba fomuyo, mukawerenge ndi bambo mofatsa. Ndipo achimwene anuwo musawatenge ngati akungobwebweta, zina zimene akunenazo zinachitikadi, kungoti asakaniza nkhani ziwiri, ya majini a munthu (malangizo otengera kwa makolo olembedwa mu DNA) ndi ya majini a kachilombo, ndipo ziwirizi malamulo ake komanso zoopsa zake n'zosiyana.

Pa zaka zimene ndakhala ndikufotokozera odwala mafomu ngati amenewa, ndaona kuti anthu ambiri maganizo awo amakhala pa kabotolo ka magazi kaja, kuti kakupita kuti, pomwe chimene chimayenda kwambiri masiku ano si magaziwo. Ku labu amachotsa DNA m'magazimo, makina n'kuiwerenga, ndipo chotuluka ndi fayilo ya pa kompyuta yodzadza ndi zilembo zinayi zokha, A, C, G ndi T, zobwerezabwereza pafupifupi 3 biliyoni. Inu ndi munthu wina aliyense padziko pano mumafanana pa zilembo zimenezi pafupifupi 99.9 peresenti, nde ofufuza amasaka pa kagawo kotsalako, kuona ngati pali chilembo chimene chimapezeka kawirikawiri mwa odwala impso kusiyana ndi mwa anthu amene impso zawo zili bwino. Vuto ndi loti pa matenda ngati shuga, BP kapena impso, chilembo chimodzi nthawi zambiri chimangowonjezera chiopsezo pang'ono chabe, ndipo kuti utsimikize kuti sizinangochitika mwangozi umafunika anthu masauzande makumimakumi, pena mpaka mazana a masauzande. Palibe chipatala chimodzi chimene chili ndi odwala ochuluka choncho. Ndi chifukwa chake amaphatikiza deta ya mayiko osiyanasiyana, si kuti DNA ya bambo anu payokha ili ndi chinsinsi chimene wina akuchilakalaka.

Chizolowezi chogawanachi chinazika mizu nthawi ya Human Genome Project, ntchito yowerenga DNA yonse ya munthu imene inayamba mu 1990 n'kulengezedwa kuti yatha mu 2003. Mu 1996 akuluakulu a ntchitoyi anakumana ku Bermuda n'kugwirizana kuti chilichonse chimene labu yawerenga chiziikidwa poyera pasanathe maola 24, osadikira kuti wina alembe kaye pepala lake atchuke kapena kampani iike dzina lake pamenepo. Mpaka lero pali nkhokwe zitatu zikuluzikulu, GenBank ku America, ENA ku Ulaya ndi DDBJ ku Japan, zimene zimasinthana deta tsiku lililonse, moti wophunzira amene ali ndi intaneti kulikonse atha kuiona osalipira kanthu.

Koma kugawanako kunayamba mopendekeka. Anthu onse padziko anachokera ku Africa, ndipo amene anatuluka kupita kwina anangotenga kagawo ka kusiyanasiyana kwa majini kumene kunalipo, choncho anthu a ku Africa ndi amene amasiyana kwambiri majini pakati pawo kuposa anthu ena onse. Chonsecho ofufuza ena atawerengera mu 2016 anapeza kuti mwa anthu onse amene analowa mu kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu, pafupifupi 81 peresenti anali a makolo a ku Ulaya, a makolo a ku Africa pafupifupi 3 peresenti basi, ndipo ambiri mwa iwo anali okhala ku America. Izi zimapweteka anthu enieni. Chaka chomwecho cha 2016 panatuluka kafukufuku woonetsa kuti anthu ena akuda ku America anauzidwa kuti ali ndi jini la matenda oopsa okulitsa mnofu wa mtima, pomwe zilembo zimene anawapeza nazo zinali zabwinobwino, zofala mwa anthu akuda, kungoti madokotala ankayerekeza ndi deta ya azungu okhaokha nde chilichonse chachilendo ankachiyesa matenda. Taganizani munthu kuuzidwa kuti mtima wako utha kuima nthawi iliyonse, ana ako nawonso akayezedwe, pomwe palibe vuto. Ofufuzawo anaonetsa kuti pakanakhala anthu akuda ochepa chabe m'gulu loyerekezeralo, cholakwikachi chikanapeweka.

Tsono pa nkhani ya impso, imene ikukhudza bambo anu, apa nditsalepo pang'ono. Kwa zaka zambiri madokotala ankadabwa kuti bwanji anthu akuda ku America impso zawo zimafa kwambiri kuposa anzawo, ndipo ambiri ankangoti ndi BP komanso umphawi, zomwe n'zoona mbali ina. Mu 2010 anapeza kuti pali jini lotchedwa APOL1 limene lili ndi mitundu iwiri, G1 ndi G2, yopezeka mwa anthu a makolo a ku Africa, makamaka kumadzulo kwa Africa. Mitundu imeneyi inafala chifukwa imateteza ku tizilombo tina toyambitsa kaodzera, matenda aja ofalitsidwa ndi kashembe, koma munthu akatengera kwa bambo komanso kwa mayi, chiopsezo cha matenda a impso chimakwera, makamaka akakhalanso ndi HIV koma osalandira mankhwala. Musachite mantha, ambiri amene ali ndi mitundu iwiriyi sadwala impso moyo wawo wonse, ndipo sindikunena kuti bambo anu vuto lawo ndi limeneli, impso zimaonongeka ndi zambiri, shuga, BP, mankhwala ena omwa mwachisawawa. Chimene ndikufuna muone ndi choti jini la anthu a ku Africa linatulukira ku America, ndipo zinatenga zaka zina kuti lifufuzidwe mokwanira kwawo kwenikweni. Mu 2024 ndi pamene panatuluka zotsatira za kafukufuku wa anthu oposa 8,000 ku Ghana ndi Nigeria, ndipo anapeza chinthu chimene ku America sichinkaoneka bwino, choti ngakhale wotengera kwa kholo limodzi chiopsezo chake chimakwerako pang'ono. Pali ngakhale mankhwala otchedwa inaxaplin amene akhala akuyesedwa olimbana ndi vuto la APOL1 lomweli. Zonsezi zinatheka chifukwa anthu ena ngati bambo anu anasaina mafomu, ndipo malabu a mayiko osiyana anaika deta pamodzi.

Kafukufuku wa ku Ghana ndi Nigeria uja anachitika pansi pa H3Africa, mgwirizano umene unakhazikitsidwa mu 2010 ndi ndalama za NIH, bungwe la boma la America loona za kafukufuku wa zaumoyo, ndi Wellcome Trust ya ku Britain, ndipo chimene ndimaukondera ine ndi choti otsogolera ntchito anali asayansi a mu Africa, komanso anapatsidwa nthawi yoti aigwiritse kaye okha deta yawo isanatsegulidwe kwa ena. Mu 2020 anawerenga DNA ya anthu 426 okha ochokera m'mitundu 50 ndipo anapeza kusiyana kwa zilembo koposa 3 miliyoni kumene kunali kusanalembedwepo. Anthu 426 okha, mungaone nokha kuti zotsala n'zochuluka bwanji.

Tibwere kwa achimwene anu ndi nkhani ya Omicron. Majini a kachilombo ndi nkhani ina, chifukwa pamenepo chofunika kwambiri ndi liwiro. Pa 11 January 2020 gulu la Zhang Yongzhen ku Shanghai, mothandizana ndi Edward Holmes wa ku Sydney, linaika pa intaneti majini onse a kachilombo ka korona. Patangotha masiku awiri a kampani ya Moderna anali atamaliza kukonza dongosolo la katemera wawo asanakagwire n'komwe kachilomboko m'manja, ndipo pa 16 March munthu woyamba anabayidwa poyesa. Malabu enanso anapanga njira zoyezera kuchokera pa deta yogawidwa chonchi. Nkhani ina imene ambiri mukuikumbukira ndi ya poliyo wa ku Lilongwe amene analengezedwa mu February 2022. Malabu a ku South Africa ndi America atawerenga majini ake n'kuyerekeza ndi zimene zinasungidwa kale, anaona kuti ndi wachibale wa poliyo wa ku Pakistan, kutanthauza kuti anachita kubwera, sikuti anali atabisala mu Africa muno nthawi yonseyi, ndipo izi zinathandiza kudziwa mokonzera katemera wa m'mayiko oyandikana. Popanda Pakistan kugawana deta yake, funso limenelo likanakhala lopanda yankho.

Koma zimene zinachitika mu November 2021 zinali zochititsa manyazi ndithu, apa achimwene anu sakunama. Wasayansi Sikhulile Moyo ndi anzake ku Gaborone, ku Botswana, komanso gulu la Tulio de Oliveira ndi malabu ena ku South Africa, anaona mtundu wa korona wosinthika modabwitsa, anaika deta poyera mwachangu, WHO inadziwitsidwa pa 24 November ndipo pa 26 inaupatsa dzina loti Omicron. Malipiro ake, mayiko olemera anatseka ndege zochokera kumwera kwa Africa, mpaka mayiko amene anali asanapeze n'komwe munthu mmodzi wa Omicron. Kenako ku Netherlands anapeza kuti masampulo awo a pa 19 ndi 23 November anali kale ndi Omicron yemweyo, zitseko zisanatsekedwe. Ndipo chomvetsa chisoni, ndege zimene zinaimitsidwazo ndi zomwe zinkabweretsa mankhwala a mu labu owerengera majiniwo, nde anthu amene anachenjeza dziko lonse anatsala pang'ono kusowa zogwirira ntchito. Nthawi yomweyo katemera anali ataunjikana kumayiko olemera pomwe ku Africa ambiri anali asanabayidwe olo kamodzi.

Mkangano umenewu si wa lero. Mu 2007 dziko la Indonesia, nduna ya zaumoyo ili Siti Fadilah Supari, linasiya kutumiza ku WHO masampulo a chimfine cha mbalame cha H5N1, ponena kuti anthu athu ndi amene akufa, ife tikupereka kachilombo kwaulere, makampani akunja akupanga katemera, kenako akutigulitsa pa mtengo umene sitingaukwanitse. Ambiri anamunyoza mayi ameneyu kuti akuika dziko lonse pa chiswe, koma funso lake linali loona ndipo linasintha zinthu. Mu 2008 panayamba GISAID, nkhokwe imene aliyense wofuna kuonamo amalembetsa dzina n'kulonjeza kuti adzatchula amene anaika detayo komanso kuyesetsa kugwira nawo ntchito. Mu 2011 mayiko a mu WHO anagwirizana za PIP Framework, yoti makampani opindula ndi masampulo a chimfine azisonkha ndalama chaka chilichonse komanso kupatula gawo la katemera mliri ukagwa. Ndipo pa 20 May 2025 anavomereza pangano la miliri limene likunena kuti makampani olowa nawo azipatula 20 peresenti ya katemera, mankhwala ndi zoyezera, theka lake kwaulere, ngakhale gawo lofotokoza mmene zimenezi ziziyendera analisiya kuti akambiranebe, ndipo America sinali nawo. Maganizo anga ndi oti majini a tizilombo azigawidwa msanga nthawi zonse, chifukwa dziko likabisa oyamba kufa ndi anthu ake omwe, koma ndimakana zoti osauka azipereka deta mwa lamulo pomwe olemera akupereka katemera mwa chifundo akafuna. Zonse ziwiri zilembedwe papepala limodzi.

Bambo anu komabe si kachilombo, ndipo palibe amene atseke ndege chifukwa cha DNA yawo. Choopsa kwa iwo ndi china, chija mwafunsa choti angawazindikire. Ofufuza amachotsa dzina, adiresi ndi nambala ya foni n'kuikapo nambala yachinsinsi, ndipo pepala lolumikiza nambalayo ndi dzina limayenera kutsala kwa amene anatenga magaziwo, osapita kunja. Zimenezi zimathandiza kwambiri, koma wina akakuuzani kuti n'zosatheka kumuzindikira munthu ameneyo wakunamizani, DNA payokha ndi chizindikiro. Mu 2013 gulu la Yaniv Erlich ku America linatenga deta yopanda mayina imene inali poyera, n'kuiphatikiza ndi zaka za munthu, dera lake komanso mawebusayiti ofufuzira mzere wa makolo, ndipo linatulukira mayina a anthu pafupifupi 50. Mu 2018 apolisi ku California anagwira munthu amene anapha anthu zaka zambiri zapitazo kudzera mu DNA ya abale ake akutali imene iwo anaika okha pa GEDmatch, webusayiti yofufuzira achibale. DNA ili ngati chithunzi cha banja lonse, mmodzi akachiika pa Facebook nonse mwaonekera, olo amene simunafunsidwe, nde mchimwene wanu ali ndi ufulu woyankhulapo chifukwa theka la DNA yake ndi la bambo omwewo. Kunena chilungamo chiopsezo chimenechi ndi chachikulu kwa anthu amene abale awo ambiri anayezetsa kumakampani a malonda, ngati 23andMe imene mu 2023 akuba pa intaneti anafikira deta ya anthu pafupifupi 6.9 miliyoni, ndipo ndi chochepa pa kafukufuku wa kuchipatala woyendetsedwa bwino. Koma deta imasungidwa zaka zambiri ndipo zida zofufuzira zikunka zikula.

Choopsa chachiwiri, chimene ine chimandidetsa nkhawa kuposa choyambacho, ndi kugwiritsa ntchito magazi pa zinthu zimene munthu sanavomere. Anthu a mtundu wa Havasupai ku Arizona anapereka magazi kuyambira 1990 akudziwa kuti ndi ofufuzira shuga, matenda amene ankawavutitsa, kenako anadzamva kuti agwiritsidwanso ntchito pofufuza za matenda a misala, za kukwatirana pachibale komanso za kumene makolo awo anachokera, zotsutsana ndi mbiri imene iwo amakhulupirira. Mlandu unatha mu 2010, yunivesite ya Arizona State inalipira madola 700,000 n'kubweza magaziwo. Henrietta Lacks naye, mayi wakuda wa ku America, maselo ake a khansa anatengedwa ku Baltimore mu 1951 osamupempha, anagwiritsidwa ntchito m'malabu a dziko lonse, ndipo mu 2013 ofufuza ku Germany anaika poyera DNA ya maselowo osafunsa adzukulu ake. Pambuyo pa phokoso ndi pamene NIH inagwirizana ndi banjalo kuti detayo izitsekeredwa ndipo a m'banjamo azikhala nawo mu komiti yopereka chilolezo. Anthu a mtundu wa San a ku South Africa atatopa ndi ofufuza obwera, kutenga n'kumapita, analemba okha malamulo awo a kafukufuku mu 2017.

Chifukwa cha nkhani ngati zimenezi, deta ya munthu payekha masiku ano nthawi zambiri siiikidwa poti aliyense atenge. Imapita ku nkhokwe zotseka ngati dbGaP ku America kapena EGA ku Ulaya, kumene wofufuza amayenera kulemba kalata yofotokoza chimene akufuna kuchita, yunivesite yake isaine kuti sadzayesa kuzindikira munthu kapena kupatsira wina, kenako komiti ione ngati cholinga chake chikugwirizana ndi zimene eni magazi anavomera. Njira ina imene ikukula ndi yoti deta isachoke n'komwe pamalo ake, wofufuza amalowa pa intaneti, kuwerengera zake pa makompyuta a eni deta n'kutuluka ndi zotsatira zokha, ndi mmene UK Biobank ya anthu 500,000 ikuchitira ndi DNA yawo yonse. Bungwe la GA4GH limene linayamba mu 2013 ntchito yake ndi kukonza malamulo ndi zida zoti nkhokwe za mayiko osiyana zizimvana motere. Malamulo a mayiko okha ndi amene amasiyana kwambiri, ku Ulaya kuli lamulo lolimba loteteza deta ya anthu lotchedwa GDPR, ku America lamulo la GINA la 2008 limaletsa mabwana ndi a inshuwalansi ya zaumoyo kusala munthu chifukwa cha majini koma silikhudza inshuwalansi ya moyo, ndipo mayiko ena alibiretu lamulo lotchula za majini.

Za kugulitsa magazi. Kafukufuku wovomerezeka sagulitsa kabotolo ka magazi ngati katundu, koma ndingakunamizeni nditati palibe amene adzapezepo ndalama. Pakati pa zaka za m'ma 2000, ku Dallas anapeza kuti anthu ena akuda ali ndi jini la PCSK9 losagwira ntchito, mafuta oipa a m'magazi mwawo ndi otsika kwambiri ndipo sadwaladwala mtima, ndipo zimenezi zinatsegula njira ya mankhwala atsopano amene anavomerezedwa mu 2015, okwera mtengo ndithu. Chitsanzo chowawa kwambiri ndi sickle cell, matenda a magazi otengera kwa makolo, ana ambiri obadwa nayo ali ku Africa, koma chithandizo chokonza majini chotchedwa Casgevy chimene chinavomerezedwa kumapeto kwa 2023 mtengo wake ku America unaikidwa pa madola 2.2 miliyoni munthu mmodzi. Nde pa funso lanu loti ife tipindulapo chani, yankho loona ndi loti bambo anu paokha mwina sapindula chilichonse pa matenda awo apanowa, ndipo wofufuza wachilungamo akuuzani zomwezo. Phindu limabwera mochedwa komanso kwa gulu, monga kuyeza kolondola, mlingo wa mankhwala woyenera matupi athu, paja efavirenz, mankhwala aja a HIV, ankazunguza mutu ndi kulotetsa zoopsa anthu ambiri a ku Africa chifukwa jini lophwanya mankhwalawo pang'onopang'ono ndi lofala mwa ife, komanso malabu ndi asayansi otsala m'dziko ntchito ikatha, ngati mgwirizanowo unakonzedwa bwino.

Mukabwerera kukakumana nawo, musafunse kuti kodi zipita kunja, chifukwa yankho ndi eya ndipo palokha si vuto. Afunseni kuti chikupita ndi chani, magazi enieniwo kapena deta yokha, ndipo ngati ndi magazi akupita ku labu iti, pali mgwirizano wolembedwa wotumizira masampulo, otsala adzawataya kapena kuwasunga mpaka liti. Afunseni ngati deta ikaikidwe poyera kapena mu nkhokwe yotseka, ndipo mu komiti yopereka chilolezo muli munthu wochokera kumene magaziwo atengedwa kapena ayi. Funso limeneli ine ndimaliona lalikulu kuposa onse, chifukwa ndi limene limaonetsa ngati ndi mgwirizano weniweni kapena ongobwera kudzatola. Yang'anani ngati fomuyo ili ndi mabokosi osankha, mafomu abwino amalola munthu kuvomera kafukufuku wa impso yekha, kapena wa matenda alionse, komanso kuvomera kapena kukana kuti makampani a malonda aione, ndipo bambo atha kuchonga ena n'kusiya ena. Funsani kuti akapeza chinthu choopsa chimene chili ndi chithandizo adzakuuzani kapena ayi, ndipo adzakuuzani ndani. Funsaninso za kutuluka, munthu atha kusintha maganizo nthawi iliyonse, masampulo otsala n'kuonongedwa ndipo deta n'kusiya kuperekedwa kwa ofufuza atsopano, koma imene inagwiritsidwa kale ntchito mu zotsatira zofalitsidwa siibwerera, wokuuzani kuti adzafufuta paliponse akulonjeza zimene sangathe. Pomaliza pa fomupo payenera kukhala dzina la komiti imene inavomereza kafukufukuyo ndi nambala yake ya foni, yosiyana ndi ya ofufuzawo. Ngati palibe, kapena akuzemba mafunso, kapena akukukakamizani kuti musaine pompo, kapena ndalama imene akulonjeza yapitirira ya thiransipoti ndi nthawi yanu mpaka kufika poti munthu sangathe kukana, musasaine, ndipo kadziwitseni akuluakulu a chipatalacho.

Akayankha bwino mafunso amenewa, ine ndikanakhala inu ndikanawalimbikitsa bambo kulowa, chifukwa kukhala kunja kwa deta nakonso kuli ndi mtengo wake ngati mmene taonera pa nkhani ya mtima ija. Koma osaina ndi bambo, si inu, si achimwene anu, bola ngati mutu wawo ukugwira bwino. Muwafotokozere mu chilankhulo chimene amamva, ofufuza ali ndi udindo wopereka fomu yomasuliridwa kapena munthu wowawerengera pali mboni, ndipo achimwene anuwo apite nawo akafunse okha mafunso awo pamaso pa ofufuzawo m'malo mokangana kunyumba.

Ndipo musasokoneze kafukufuku ndi chithandizo. Kaya alowa kaya akana, bambo apitirize kiliniki yawo ndi mankhwala awo, BP ndi shuga ziziyezedwa, apewe mankhwala opha ululu ngati ibuprofen ndi diclofenac pokhapokha dokotala wawo atalola, chifukwa amenewa amaonjezera kuononga impso. Mukaona miyendo kapena nkhope ikutupa kwambiri, akubanika, mkodzo wachepa zedi, akusanza mosalekeza kapena ayamba kusokonezeka mutu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku la kiliniki. Ngati m'banja mwanu muli ena amene anadwalapo impso, makamaka ali achinyamata, muuzeni dokotala wa bambo, ndipo inu ndi achimwene anu kayezetseni BP, mkodzo ndi magazi oona mmene impso zikugwirira ntchito, zimenezo sizidikira DNA. Ofufuza akadzakubweretserani chotsatira cha majini, pemphani kuti chitsimikizidwe ku labu ya chipatala kaye komanso kuti mukhale pansi ndi mlangizi wa za majini kapena dokotala wa impso musanapange chiganizo chilichonse, chifukwa makina a kafukufuku sanapangidwire kuyeza wodwala mmodzi ndipo pena amalakwitsa.